Za anthu oti "ine sindibisa mawu"

Akonzi,

Ndiloleni kadanga pang'ono m'nyuzipepala yathuyi ndinenepo za mtundu wina wa anthu omwe achuluka masiku ano, ndipo ndisanapite patali ndivomereretu kuti ineyo ndakhala mmodzi wa iwowo kwa zaka zambiri, nde musaganize kuti ndikuloza anthu chala ine ndili phee pambali ngati woyera. Ndikunena anthu aja oti akangomaliza kumulasa mnzawo ndi mawu amatsekera ndi kuti "pepani ine sindibisa mawu, ndimangonena chilungamo, wokwiya akwiye." Mumawadziwa. Ali kuntchito, ali m'mabanja, ali m'magulupu a WhatsApp, ndipo khalidweli amalinyadira ngati digiri, moti ukawauza kuti adzifotokoze okha chinthu choyamba kutuluka pakamwa ndi chakuti "ine nde sindipsatira, zopita m'mbali ndilibe."

Zaka zingapo zapitazo ku ofesi komwe ndimagwira kunabwera mtsikana wina wongomaliza kumene sukulu, anamupatsa ntchito yokonza lipoti. Lipotilo linali ndi zolakwika, izi zokha sindinama, matebulo sankagwirizana ndi mawu, ndalama zina anaziphatikiza kawiri, masamba ena anasemphana. Pa miting'i tinalipo anthu 12, ine ndinalinyamula m'mwamba lipoti lija nkunena kuti olo mwana wa pulayimale akanachitako bwino, kenako ndinamufunsa kuti kodi kusukulu kwanuko ankakuphunzitsani chani. Ena anaseka. Iye anangoti zyoli, akulembalemba m'kabuku kake, sanayankhe kanthu. Ndinatuluka mtima uli mbee, ndikudziuza kuti ndamuthandiza mwanayu, ntchito si masewera, ena onsewa amangomusekerera koma ine ndamuuza zoona.

Sabata yomweyo, chipinda chomwecho, mipando yomweyo, bwana wamkulu anabwera ndi bajeti ya chaka. Munali cholakwika chachikulu kuposa zonse za mtsikana uja kuziphatikiza pamodzi, anawerengera ndalama zomwe tinangolonjezedwa pakamwa ngati zalowa kale mu akaunti, nkukonza zolemba anthu ntchito ndi kugula zipangizo potengera ndalama za m'malerezo. Ndinachiona pa tsamba loyamba lomwe. Bwana atamaliza anafunsa kuti pali funso? Ine uja wosabisa mawu ndinali woyamba kugwedeza mutu, "zili bwino bwana, mwaganiza mozama." Patapita miyezi ingapo ndalama zija sizinabwere, anayamba kuchepetsa anthu, ndipo mukudziwa kale amene amayamba kupita zikatero, obwera kumene. Mtsikana uja anali m'gulu loyamba.

Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wachikulire yemwe tinkagwira naye, wosayankhulayankhula, wa mtundu uja woti pa miting'i umaiwala kuti alipo. Tsiku lina ndikudzitama monga mwa masiku onse kuti ine ndimanena chilungamo olo zivute bwanji, anandiyang'ana nkuti, "Achimwene, chilungamo chanucho chili ngati madzi, chimangotsetsereka basi, sindinachionepo chikukwera mtunda." Anangonena zomwezo nkubwerera pa kompyuta yake. Ndinakwiya sabata yathunthu, ndinkamulonjera mokakamizika, ndipo taonani zodabwitsa, munthu woti tsiku ndi tsiku ndinkalalikira kuti anthu aziphunzira kumva zoona osakwiya, kachiganizo kamodzi kokha kanandidwalitsa masiku 7.

Nde kuyambira pamenepo munthu akandiuza kuti sabisa mawu sindifunsanso ngati zomwe amanenazo zili zoona, pakuti kawirikawiri zimakhaladi zoona, ndimayang'ana kuti amazinena kwa ndani. Mukaonetsetsa mupeza kuti ambiri chilungamo chawo chimagwera mkazi kapena mwamuna wawo, ana, wantchito wapakhomo, mlonda, weta wa mu lesitilanti, wophunzira ntchito, m'bale wosauka yemwe wabwera kudzapempha thandizo, anthu oti sangabweze chifukwa akabweza ataya kanthu. Kwa munthu woti angawachotse ntchito kapena kuwamana ngongole pakamwa pamakhala pa shuga. Chilungamo chosakulipiritsa kanthu, choti ululu wonse ukupita kwa winayo iwe ukutulukamo ndi ulemerero, ine ndinasiya kuchitcha kulimba mtima. Ndi mwano wovala jekete basi.

Mawu amene ndinamuuza mtsikana uja anali oona koma nkhani sinali lipoti ayi. Lipoti likanakonzeka pa mphindi 20 ndikanangomuitanira pa desiki panga nkumuonetsa kuti apa ndi apa mwaphonya. Ine ndinkafuna anthu aja aone kuti katswiri m'chipinda muno ndi ndani, choonadi ndinangochisandutsa mpando wokwerapo kuti nditalikeko. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo taonani mawu omwe anasankha, kutsina, kanthu kakang'ono kochitika mwakachetechete, kongodziwa awiri, ena onse osaona nkomwe kuti pachitika kanthu. Sananene kuti wakudula khutu pagulu.

Koma akonzi, ndikangolekera pomwepa anthu ena asangalala molakwika, aja ongokhala duu, oti chilichonse "zili bwino", adziona ngati iwo nde abwino chifukwa sanamukhumudwitsepo munthu. Iyayi. Tsiku la bajeti lija ndinaoneka wodzichepetsa kwambiri, mutu pansi, mawu aulemu, manja pamodzi, aliyense wondiona akanati bambo uyu ngwaulemu. Kunena zoona anali mantha, ndinkateteza malipiro anga ndi kaulendo kena komwe bwana anandilonjeza. Ndipo mukayika pa sikelo, mwano wanga unamuliza mtsikana uja tsiku limodzi, koma ulemu wanga unamudyera ntchito. Chachiwirichi nde chinali choipa kwambiri, chikhalirecho palibe olo mmodzi anandidzudzulapo nacho, chifukwa kukhala chete sikusiya chipsera choti anthu aloze.

Pali nkhani ina yomwe ndimaiganizira kwambiri ndikamanena izi. Pa 27 March 1977 pa bwalo la ndege la Los Rodeos, pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri zikuluzikulu za Boeing 747, ina ya KLM ina ya Pan Am, zinawombana pansi pompo pa msewu wonyamukira, anthu 583 nkufa, mpaka lero palibe ngozi ya ndege yomwe inapha anthu ochuluka kuposa imeneyi. Ndege zonse ziwirizi sikomwe zinkapita kumeneko, anazipatutsira pa kabwalo kameneka chifukwa pa bwalo la Gran Canaria panaphulika bomba, nde anthu anali atadikira maola, otopa, ndipo a KLM anali ndi nkhawa kuti akachedwanso maola omwe lamulo limawalola kugwira ntchito atha. Kenako kunagwa chifunga choti ndege ina osaiona inzake, a pa nsanja yolondolera ndege osaona iliyonse. Woyendetsa ya KLM anali Jacob Veldhuyzen van Zanten, osati kaputeni wamba, mkulu wophunzitsa anzake kuyendetsa 747, munthu woti nkhope yake inali pa zithunzi zotsatsira malonda a kampaniyo. Anayamba kuthamangitsa ndege asanapatsidwe chilolezo chenicheni chonyamuka, ya Pan Am idakali pa msewu womwewo kutsogolo m'chifunga muja. Injiniya yemwe anakhala kumbuyo kwake anamva pa wailesi kanthu komukayikitsa, nkufunsa kuti kodi ya Pan Am ija siinachoke kale pa msewu? Kaputeni anayankha motsindika kuti eya yachoka. Injiniya sanabwerezenso. Patangopita masekondi owerengeka zinawombana, mu ndege ya KLM simunapulumuke olo mmodzi.

Panali zifukwa zina, mauthenga a pa wailesi anasokonezana, mawu ena anamveka pawiri, sindikufuna kumusenzetsa zonse munthu mmodzi yemwe anafa kale. Koma taganizani kachipinda kakang'ono ka oyendetsa ndege kaja, muli munthu woti wachiona chinthu, ndipo akuchinena ngati funso, mwaulemu, wamkulu akangoti ayi iye nkubweza mawu. Ndi ndani wa ife sanachitepo zimenezi? Ndipo muli wina woti ntchito amaidziwadi, sikuti ndi mbuli, koma kudziwa komweko kwamutseka makutu. Kudzikuza kwa wamkulu ndi kudzichepetsa kwa wamng'ono zinagwirana manja, chimodzi pachokha sichikanapha anthu onse aja. Pambuyo pa ngozi imeneyi ndi zina zofanana nayo makampani a ndege anayambitsa maphunziro omwe amawatcha Crew Resource Management, momwe wamng'ono amaphunzitsidwa kuti akaona vuto amutchule kaputeni, anene mwachindunji chomwe waona ndi chomwe akuganiza kuti chichitike, ndipo asasiye mpaka atayankhidwa, pomwe kaputeni amaphunzitsidwa kufunsa maganizo ndi kumvetsera. Zinachita kutengera maphunziro, mayeso ndi malamulo kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake athe kuuza bwana wake kuti imani. Nde musandiuze kuti nzophweka.

Chomwe chimandipweteka nchakuti ife tomwe ndi amene timawaphunzitsa anthu kukhala chete. Munthu akangonena kuti "ntchito iyi ndimaidziwa, njira mwatengayi siithandiza," tayamba kale kunong'onezana kuti amadzimva, akufuna aoneke, wayamba liti, akudziyesa ndani. Makamaka akakhala wamng'ono pa msinkhu, kapena mkazi pakati pa amuna, kapena wobwera kumene. Mawu omwewo akawanena bwana timati ndi utsogoleri, akawanena kalaliki timati mwano. Nde anthu anaphunzira kuyamba chiganizo chilichonse ndi "mwina ndalakwitsa koma", "ine sindidziwa zambiri koma", "pepani ngati ndikulowerera", mpaka mfundo yeniyeniyo imafika itatopa, yosatha kuimanso. Munthu woti amadziwadi kuwerengera ndalama akanena kuti amadziwa sikudzikuza kumeneko, wangofotokoza mmene zinthu zilili, chimodzimodzi wamtali kunena kuti afikira shelefu yapamwamba. Kudzikuza kumayamba pomwe akuganiza kuti poti amadziwa masamu nde kuti amadziwanso kulera ana a eni, ukwati wa eni, matenda a eni, ndipo kuti inu osadziwa masamu ndinu anthu ochepa.

Mu 1999 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Cornell, David Dunning ndi Justin Kruger, anawapatsa ophunzira mayeso a galamala, a kuganiza mwadongosolo ndi a nthabwala, nkuwafunsa kuti mukuona ngati mwakhoza bwanji poyerekeza ndi anzanu. Omwe anali kumunsi kwenikweni ankadziika pamwamba pa theka la anzawo, pomwe okhoza kwambiri ankadzitsitsa pang'ono. Anthu amakonda kuitchula nkhani imeneyi pofuna kuseka ena, sindinamvepo munthu akuitchula akudzinena yekha, zomwenso zikungotsimikiza nkhaniyo. Koma ine chomwe ndimatolapo nchoti kukweza mawu ndi kudziwa sizimayendera limodzi, pa miting'i amene akuwomba tebulo si amene ali ndi yankho nthawi zonse, pena yankho lili ndi uja wakhala kukona akudzikayikira.

Palinso kudzichepetsa kwina kwa chinyengo komwe kumanditopetsa kuposa kudzitama kwapoyera. Munthu wagula galimoto, nde akulemba ndime zitatu kuti ine ndine ndani, sindine woyenera, ndine fumbi chabe, pansi pake zithunzi 9 za galimotoyo mbali zonse mpaka matayala. Kapena uja woti ukamuyamikira amakana dala kuti ubwereze kuyamikirako katatu. Bola wongonena kuti ndagula galimoto ndasangalala, tisangalale naye tipitirize zina. Wodzichepetsa weniweni simungamuzindikire ndi kuwerama kapena ndi mawu ofewa, ena owerama kwambiri ndi omwe ukawakonza pang'ono amakusungira chakukhosi zaka 10. Mumuone tsiku lomwe mwana, kapena wantchito wake, kapena mdani wake wamuuza kuti apa mwalakwitsa, ndipo zikuoneka kuti walakwitsadi. Nkhope yake ya mphindi imeneyo ndi imene ikuuzeni.

Tsono ena anena kuti bola choonadi chanenedwa, kanenedwe kake kalibe ntchito, mankhwala owawa ndi omwe amachiza. Ndinkakhulupirira zimenezi. Koma tamvani za dokotala wina wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, yemwe ankagwira ntchito pa chipatala chachikulu cha ku Vienna. Pa chipatalapo panali mbali ziwiri zochirira amayi, ina ya madokotala ndi ophunzira udokotala, ina ya azamba, ndipo kwa madokotala amayi ankafa ndi malungo a pambuyo pobereka kuposa kwa azamba kuwirikiza kawiri kapena kupitirira, moti amayi ankachonderera kuti asawagoneke kumeneko. Mu 1847 mnzake Jakob Kolletschka anachekedwa ndi kampeni akupima mtembo nkumwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amayi aja, pomwepo Semmelweis anazindikira kuti madokotala ankachoka kopima mitembo nkupita kukagwira amayi ndi manja omwewo, pomwe azamba mitembo sankaigwira. Analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini. Mu April chaka chimenecho amayi pafupifupi 18 pa 100 aliwonse anafa, lamulo litayamba chiwerengero chinatsika kufika cha m'ma 2. Munthuyu ankanena zoona zenizeni, zoti lero olo mwana amazidziwa.

Madokotala akuluakulu ambiri anamukana. Nthawi imeneyo za tizilombo toyambitsa matenda zinali zisanadziwike bwino, iye sankatha kufotokoza mokhutiritsa kuti chimachoka pa mtembo nchiyani, komanso panali kunyada, dokotala wolemekezeka kumva kuti manja ake ndi amene akupha odwala sichinthu chomezeka. Kudzikuza kwakukulu kunali kwa iwowo, izi tisabise. Koma naye anachedwa kulemba bwinobwino zomwe anapeza, buku lake linatuluka mu 1861, zaka 14 zitapita, ndipo atatsutsidwa anayamba kulemba makalata apoyera kwa maprofesa otchuka akuwatcha akupha. Ndimamumvetsa, ndikanakhala ine ndikuona amayi akufa ndi chinthu chopeweka ndi beseni la madzi mwina ndikanatukwana kuposa pamenepo. Koma funso ndi loti kodi profesa yemwe wamutcha wakupha pamaso pa dziko lonse mawa lake adzuka nkusamba m'manja mwa njira yako? Akatero nde kuti wavomera dzinalo. Unamutsekera wekha khomo lomwe umafuna adutsepo. Semmelweis anamwalira mu 1865 m'chipatala cha odwala misala ali ndi zaka 47, ndipo zinatengera ntchito ya anthu ena monga Louis Pasteur ndi Joseph Lister kuti madokotala asinthe. Sindikuti akanayankhula mofatsa onse akanamumvera, mitu ina ndi miyala. Ndikungoti amene analipira mkangano wa amuna odzikuzawa si iwowo, anali amayi omwe anapitirira kufa pa zaka zapakatipo.

Nde kanenedwe kali ndi ntchito, osati chifukwa choti tiziwanyengerera anthu ngati makanda, koma chifukwa cholinga chonenera zoona nchoti chinthu chisinthe. Ukanena zoona mwa njira yoti winayo sangathe kuvomera popanda kudzivula ulemu wake wonse, wapambana mkangano koma chinthu chija chili pomwepo. Ambiri a ife timaidziwa nkhani ya mneneri Natani ndi mfumu Davide, mfumu itatenga mkazi wa Uriya nkukonza zoti mwamunayo afere kunkhondo. Natani sanalowe nkuyamba kukuwa pachipata. Anafotokoza za munthu wolemera wa nkhosa zambirimbiri yemwe analanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mnansi wake wosauka, Davide nkupsa mtima, nkugamula yekha kuti munthu wotereyo ngoyenera kufa. Pamenepo mpomwe Natani anamuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Ena amaitenga nkhaniyi ngati phunziro la kuzungulira, koma werengani bwino, sanazungulire mpaka mapeto, pa mphindi yofunika analoza chala pamphuno pa munthu yemwe akanatha kumudula mutu tsiku lomwelo, ndipo anatchula mlandu wonse osachotsapo kanthu. Fanizo lija silinali lofewetsa choonadi, linali lotsegula khutu kuti choonadicho chilowe chonse. Madzi aja apa nde anakwera mtunda. Ndipo mbali yomwe sitiikamba kawirikawiri ndi ya Davide, mfumu yathunthu kungoti ndachimwa, osati ukudziwa ukuyankhula ndi ndani, osati wakutuma ndani, osati nawenso uli ndi zako.

Ineyo sindinafike pamenepo, ndisakunamizeni. Chomwe ndasintha nchochepa. Ndikamva mawu akuthwa akubwera pakhosi ndimadzifunsa kuti akanakhala bwana wachita zomwezi ndikanawanena mawu omwewa, ndi liwu lomweli, pamaso pa anthu omwewa? Ngati yankho ndi ayi ndimadikira tikhale awiri. Ndipo ndikamva "zili bwino bwana" ikubwera ndimadzifunsa kuti akanakhala wophunzira ntchito wabweretsa pepala lomweli ndikanalilola lidutse? Apa nde pamavuta kwambiri, thukuta limatuluka, pena ndimanena pena ndimalephera, mwezi wathawu ndinalephera. Ndazindikiranso kuti zambiri zomwe ndinkazitcha chilungamo sanali ngakhale mfundo zoona, anali maganizo anga chabe, kuti wanenepa, kuti dilesi silikukhala, kuti mwamuna wasankhayo ngosaoneka bwino, kuti dzina wamupatsa mwana ndi lachikale. Palibe anandifunsa. Munthu wonenepa ali ndi galasi kunyumba kwake, sakudikira ine kuti ndimuululire. Ndipo mawu ali ngati madzi, akatayika saoleka, "ndimangocheza" yobwera pambuyo siichotsa kanthu.

Chaka chatha ndinapeza nambala ya mtsikana uja kudzera kwa mnzathu wina, ndinamva kuti anapeza ntchito kwina ndipo zikumuyendera. Ndinakhala nayo nambalayo milungu iwiri. Kenako usiku wina ndinalemba meseji yaitali, kupepesa za tsiku la lipoti lija, kuti ndinalakwa kumuyalutsa pagulu, kuti ndinali wodzikuza, ndipo ndivomere kuti ndikulemba ndinkadzimva bwino ndithu, ndikuti taonani mmene ndakhwimira, bambo wamkulu kupepesa kwa mwana. Ndinkayembekezera zija zoti aaa bwana musadandaule zinatha kalekale.

Anayankha m'mawa. Anati zikomo bwana, za lipoti zija ndinaiwala, zolakwika munanenazo zinalipodi ndipo ndinaphunzirapo. Kenako anati, koma pa miting'i ya bajeti ija amene ankalemba maminitsi ndinali ine, ndinakuonani mutaima nthawi yaitali pa tsamba loyamba mukulemba mzere pansi pa nambala ija ndi bolopeni, nde nditamva mukuti zili bwino ndinalemba momwemo kuti mwati zili bwino, chimenecho nde sindinachiiwale.

Chinthu choyamba kubwera m'mutu mwanga, ndikulumbira, chinali chakuti mwana uyu ngwamwano, munthu ndadzitsitsa kumupepesa nde azindiyankha chonchi? Ndinalemba yankho lofotokoza kuti zinthu za mu ofesi nzovuta, sakanamvetsa nthawi imeneyo, ndinafufuta. Ndinalemba lina loti olo ndikananena bwana sakanamva, ndinafufutanso, pakuti sindinayese nde ndingadziwe bwanji. Foni ndinaiika pansi, ndinaitolanso, ndinapita kukasamba, ndinabwerera. Cha m'ma 10 koloko ndinalemba kuti mukunena zoona achemwali, ndinaiona nambala ija ndipo ndinachita mantha. Anawerenga nthawi yomweyo, timizere tiwiri tija tinasanduka buluu, ndipo mpaka lero sanayankhe.

Ine wanu,
Wowerenga wa masiku onse